MALONDA NDI M'MASO: NANGA WOGULA AKAKHALA KU LUSAKA?

PAMENE nchito yokolola yatha m'Cigawo ca Kum'mawa, m'mbali mwa miseu ya kumidzi mumayamba kuoneka masikelo olenjekeka ku nthambi za mitengo. Pansi pa sikelo iliyonse pamakhala mnyamata ndi mulu wa matumba, kuyembekezera mlimi wobwera ndi nshawa, soya kapena mpendadzuwa pa njinga kaya pa ngolo ya ng'ombe. Wochula mtengo ndi mwini sikelo. Mlimi angadandaule, anganenerere, koma potsiriza amatsitsa thumba lake, pakuti kunyumba kuli kufunika sopo, mcere ndi yunifomu ya mwana, ndipo wogula wina iye samdziwa.

Nshawa zomwezo zikafika pa msika wa Soweto mu Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Chipata, zimagulidwa pa mtengo wina. Gawo lina la kusiyanako ndi la galimoto ndi onyamula katundu, ndipo palibe angalitsutse. Koma gawo linalo ndi malipiro a cinthu cimodzi cabe: wamalonda adziwa kumene kuli wogula, mlimi sadziwa.

Acikulire akali kukumbukira masiku a Namboard ndi Eastern Co-operative Union, pamene mlimi anali kutula mbeu zake ku depoti ndi kuyembekezera ceke. Namboard inatha mu 1989. Bungwe la Food Reserve Agency, limene linadza pambuyo pake, limagula makamaka cimanga. Koma kwa mai wofutsa ndiwo, kwa woweta nkhuku za kumudzi, wofula uci, woluka madengu, telala ndi kalipentala, depoti sinakhaleko ndi kale lomwe. Msika wao wakhala anthu odutsa pakhomo okha.

Anthu otere ndiwo ayenera kupindula ndi maphunziro a kagwiritsidwe nchito ka lamya ndi intaneti pa malonda, amene masiku ano akambidwa kwambiri pa wailesi ndi pa misonkhano ya citukuko. Colinga cake n'cakuti wogulitsa asamangokhala pansi kudikira wogula, koma katundu wake aoneke kwa anthu amene sanapondepo m'mudzi mwake.

LAMYA ILIPO, LUSO NDILO LISOWA

Intaneti si mlendo wa dzulo m'Zambia. Inafika mu 1994 kudzera mu kampani ya Zamnet, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia. Kwa zaka zambiri inali ya m'maofesi ndi ya anthu okhala ndi kompyuta. Cimene cinaifikitsa kumidzi ndi lamya ya m'manja pamodzi ndi nsanja zake. Mu 2017 boma linayamba nchito yomanga nsanja zina zoposa 1,000, zambiri m'madera akutali ndi njanji.

Komabe kukhala pafupi ndi nsanja sikutanthauza kudziwa kugwiritsa nchito intaneti. Bungwe la ZICTA, limene limayang'anira za lamya ndi intaneti m'dziko muno, linapeza mu 2018 kuti munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi awiri ndiye anagwiritsapo nchito intaneti. Pofika mu 2022 anali mmodzi mwa anai, ndipo kumidzi ciwerengero cinali cocepa kuposa m'matauni. Cimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene anthu anapereka cinali cakuti sadziwa kagwiritsidwe nchito kake.

Pa makomo ambiri lamya yamakono yokhudza pa galasi ilipo imodzi, kawirikawiri m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana amene anatsiriza sukulu. Nchito yake ndi kumva zotsatira za mpira, kulandira uthenga wa maliro, kuonera makanema oseketsa ndi kuceza m'gulu la kwaya. Zonsezi si zoipa. Koma lamya yomweyo, ndi bandulo yomweyo, ingathe kukhala sitolo ya banja.

Ambiri akamva za kuika malonda pa intaneti amaganiza za makampani akuluakulu ndi makompyuta odula. Kwa wamalonda wamng'ono nkhani siyambira kumeneko iai. Zofunika ndi dzina limene anthu angalikumbukire, malo oonetserapo katundu, ndi nambala yolandirirapo ndalama. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, salipiritsa, ndipo imalola munthu kuika zithunzi za katundu wake ndi mitengo yake pamalo amodzi monga pa mashelefu a kantemba. Tsamba la pa Facebook nalonso ndi laulere. Mwini nyumba ya alendo, malo odyera kapena galaja m'mbali mwa mseu wa Great East angalembetse malo ake pa Google Maps, kuti woyendetsa galimoto amene tayala lamphulikira pakati pa Sinda ndi Katete adziwe kopita.

Kutsegula zimenezi ndi nchito ya masana amodzi. Cobvuta ndi cimene cimatsatira.

WOGULA WOSAGWIRA KATUNDU

Anthu amati malonda ndi m'maso. Pa msika wa Kapata mu Chipata wogula amatapa nshawa ndi dzanja, n'kutafuna imodzi, n'kuyang'ana ngati meda yadzaza bwino. Wogula wa pa lamya alibe mwai umenewo. Maso ake ndi cithunzi, ndipo cimene amagula makamaka ndi mau a munthu amene sanamuonepo.

Cifukwa cake phunziro lojambula, ngakhale lioneka lacibwana, ndilo limodya nthawi. Galasi la kamera liyenera kupukutidwa, pakuti lamya yokhala m'thumba la citenge imadzaza fumbi ndi thukuta. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa kapena kwa pamthunzi. Dzuwa la masana limacititsa katundu kuoneka wotuwa, ndipo mdima wa m'nyumba umabisa zonse. Katundu aikidwe pa mphasa yoyera, kumbuyo kwake kusakhale mbale zakuda kapena nkhuku zongoyendayenda. Pambali pa dengu kapena mtondo paikidwe cinthu codziwika kukula kwake, monga bokosi la macesi kaya dzanja la munthu, kuti wogula asayembekezere dengu lotutira cimanga pamene wagula kadengu koikamo mazira.

Pansi pa cithunzi palembedwe zimene wogula aliyense angafunse: mtundu wa katundu, kulemera kwake, mtengo, kumene ali, ndi m'mene angafikire kwa wogula. Kungolemba kuti nshawa zilipo sikukwanira. Wogula afuna kudziwa ngati ndi Chalimbana kapena MGV 4, zosenda kapena za makoko, za caka cino kapena zogonera. Pa muyeso, kilogalamu iposa meda, pakuti meda ya ku Lundazi ndi ya ku Lusaka sizidzazidwa mofanana, ndipo milandu yambiri ya malonda imayambira pamenepo.

Pali ciyeso cimene cimagwira ambiri: kujambula nshawa zazikuluzikulu za pamwamba pa thumba, kapena kutenga cithunzi cokongola pa tsamba la munthu wina. Wocita zimenezi amagulitsa kamodzi. Pa msika wa pansi wogula wonyengedwa amadandaulira anzake awiri kapena atatu. Pa intaneti amajambula zimene walandira ndi kuzionetsa kwa anthu mazana tsiku lomwelo, dzina la wogulitsa ndi nambala yake zili pomwepo. Cimodzimodzi amene amathira madzi nshawa kuti zisendeke msanga kapena zilemere pa sikelo. Nshawa zacinyezi zimagwira cuku, cimene cimatulutsa poizoni woononga ciwindi, ndipo wogula wopanga ciponde cogulitsa m'masitolo sabwereranso kwa munthu wotere.

MTENGO WA PAMUDZI SI MTENGO WA PA LAMYA

Kumene ambiri amagwera ndi pa masamu. Munthu akafunsidwa mtengo pa lamya amachula umene anazolowera kugulitsira pakhomo, n'kuiwala kuti katundu ameneyu ali ndi ulendo. Pali thumba latsopano ndi cingwe cosokera. Pali njinga kapena galimoto yofikitsa katundu ku boma. Pali malipiro a basi yopita ku Lusaka kapena ku Migodi. Pali ndalama imene imadulidwa potapa ndalama pa kanyumba ka Airtel, MTN kapena Zamtel, kuonjezapo msonkho wa potumiza ndalama pa lamya umene unayamba mu Januwale 2024. Palinso bandulo ndi tsiku lathunthu limene munthu wasiya nchito ya kudimba. Wosawerengera zimenezi amasangalala kuti wapeza wogula wa ku tauni, koma powerenga zotsala apeza kuti mnyamata wa sikelo uja akanampatsa zambiri.

Mphunzitsi wabwino amakhala pansi ndi wophunzira, kope ndi pensulo m'manja, kuwerengera ulendo wonse wa thumba limodzi kucokera m'nkhokwe kufikira pa siteshoni ya Intercity. Masamu amenewa amaonetsa msanga kuti kutumiza meda ziwiri n'kutaya ndalama. Kalabu ya amai, koparetivu kapena gulu la cilimba likasonkhanitsa katundu ndi kutumiza pamodzi, mtengo wa ulendo umagawanika, ndipo wogula wofuna matumba khumi mwezi uliwonse amapeza omudalira.

Si katundu yense woyenera ulendo wautali. Nshawa, nyemba, mpunga wa ku Chama, uci, mfutso, madengu ndi zosoka zimapirira. Tomato, rape ndi nthoci zakupsa za ku Nyimba sizidikira basi yocedwa. Kwa katundu wotere msika wa pa lamya uli pafupi: aphunzitsi, anamwino ndi apolisi a pa boma amene amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, eni malo odyera, ndi masukulu ogonera konko. Ambiri amathamangira kuganiza za Lusaka, kuiwala kuti mphunzitsi wa pa mtunda wa makilomita 15 angagule nkhuku ziwiri mwezi ndi mwezi atangodziwa kuti zilipo.

Funso limene limabvuta onse awiri ndi lakuti ciyambe kuyenda n'ciani, ndalama kapena katundu. Wogulitsa aopa kutumiza thumba kwa munthu wosamdziwa. Wogula aopa kutumiza ndalama ku nambala cabe. Njira imene ambiri amatsata ndiyo kuyamba ndi katundu wocepa, wogula n'kulipira theka poyamba ndi theka lina katundu akafika. Wotumiza asapereke katundu kwa munthu wongomuona pa siteshoni. Apite ku ofesi ya mapaselo ya kampani ya basi, alandire lisiti, alijambule ndi kulitumiza kwa wogula pamodzi ndi nthawi imene basi yanyamuka. Ndipo wogula akalemba uthenga, ayankhidwe tsiku lomwelo. Uthenga wogona masiku atatu uli ngati sitolo yotseka pa tsiku la msika.

MBALA ZOSATHYOLA CITSEKO

Munthu akaika nambala yake poyera, oyamba kuiona si ogula okha. Mbala za pa lamya zili ndi njira zodziwika, ndipo maphunziro osazichula ndi operewera.

Ina ndi ya uthenga wabodza. Munthu amaitanitsa katundu, n'kutumiza uthenga wooneka ngati wocokera ku kampani ya lamya wonena kuti ndalama zalowa. Wogulitsa akakweza thumba pa basi, apeza kuti mu akaunti mulibe kanthu. Mankhwala ake ndi apafupi: asakhulupirire uthenga, koma ayang'ane yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake katundu asanacoke. Ina ndi ya munthu woimba molira kuti watumiza ndalama molakwa ndipo apempha kuti zibwezedwe msanga, pamene sanatumize kalikonse. Ena amadzicha anchito a kampani ya lamya, kapena a ofesi ya feteleza wa FISP, kapena a ngongole za boma, ndi kupempha nambala yacinsinsi yochedwa PIN. Wanchito weniweni wa kampani kapena wa boma safunsa nambala imeneyi. Enanso amapempha manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa lamya ya munthu. Wowapereka amalandidwa akaunti yake, ndipo mbalayo imayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ndi abale m'dzina lake.

Nambala zokaikitsa zingathe kunenezedwa ku ZICTA poimba *707#, ndipo amene waberedwa ayenera kudziwitsa kampani ya lamya ndi apolisi mwamsanga. Lamulo lolanga milandu ya pa intaneti linakhazikitsidwa mu 2021, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo inaika malamulo awiri atsopano m'malo mwake. Koma ndalama zikatapidwa, kuzibweza kumabvuta.

Pali bvuto linanso limene silicokera kutali. Kawirikawiri nambala imene mai amagulitsirapo inalembetsedwa pa citupa ca mwamuna wake, ca mwana kapena ca mphwake, ndipo PIN aidziwa ndi yemweyo. Lamya ikataika, kampani imabwezera nambala kwa mwini citupa, osati kwa mwini malonda. Banja likasokonekera, nambala imapita ndi makasitomala onse. Mai woumba mbiya kapena wosoka madiresi ayenera kulembetsa nambala pa citupa cake ca NRC ndi kusunga PIN mumtima mwake, ngakhale mwana ndiye azimthandiza kujambula ndi kulemba. Kunena zimenezi si kuphunzitsa mwano m'banja. Ngakhale kale mai anali ndi kansalu kake komangamo makobidi a mowa umene waphika.

MAPHUNZIRO APEZEKA KUTI

Mu 2021 boma linakhazikitsa Unduna wa Tekinoloje ndi Sayansi, ndipo nduna yake yoyamba anali a Felix Mutati. Pansi pa unduna umenewu panaikidwa ZICTA ndiponso bungwe la TEVETA, loyang'anira masukulu a nchito za manja monga Chipata Trades Training Institute. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 8 ndi 9 anayamba kuphunzira za makompyuta, ngakhale m'masukulu ambiri a kumidzi ana makumi anali kusinthana kompyuta imodzi kapena kungoiona pa bolodi. Mu Lusaka muli malo monga BongoHive, amene anatsegulidwa mu 2011 kuthandiza oyamba mabizinesi, koma kwa munthu wa ku Vubwi kapena ku Chadiza kumeneko n'kutali.

Khomo lapafupi ndi thumba la citukuko la CDF. Mu 2022 ndalama za dera lililonse la phungu zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina linapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a luso ndi kuthandiza magulu a amai ndi acinyamata ndi mphatso kapena ngongole za malonda. Mapempho amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Gulu limene lipempha makina osokera, ming'oma ya njuci kapena makina oyengera mafuta a mpendadzuwa lingacite bwino kuganiziratu za kumene lidzagulitsa, ndi kufunsa kwa khansala kapena ku khonsolo ngati maphunziro a malonda a pa lamya angapezeke. Makina ambiri acita dzimbiri m'midzi cifukwa cosowa msika, osati cifukwa cosowa luso la manja.

Si maphunziro onse amene ali ndi phindu. Alipo a masiku awiri m'holo ya pa boma, m'Cizungu cokhacokha, ophunzira atakhala pa mipando kuyang'ana zithunzi pa khoma, potsiriza n'kulandira satifiketi ndi ndalama ya ulendo. Pakapita sabata zonse zaiwalika. Ophunzitsa amene afuna zotsatira amaphunzitsa m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Citumbuka, pa lamya ya wophunzirayo, ndi katundu wake weniweni ali pamphasa. Amasankha miyezi ya cilimwe, osati nthawi yopalira. Ndipo amabweranso pakapita milungu ingapo kudzaona amene wagulitsa ndi amene wakanika, pakuti mafunso enieni amabadwa wogula woyamba akaimba.

Kusadziwa kulemba sikuletsa munthu. Uthenga wa mau, umene munthu amangolankhula mu lamya, wathandiza ambiri amene sukulu anailekera panjira, ndipo wogula wa ku Chawama kapena ku Matero amamva Cinyanja bwino lomwe.

Malonda akayamba kukula pamafunika mapepala. Sukulu, cipatala kapena sitolo yaikulu kawirikawiri imafuna wogulitsa wolembetsa dzina la bizinesi ku PACRA ndiponso wokhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN yocokera ku ZRA. Zonse ziwirizi zingapemphedwe pa intaneti, ndipo mphunzitsi amene wathandiza gulu kuzipeza walipulumutsa ulendo ndi ndalama za anthu odziika pakati.

MALAITI NDI NETIWEKI

Cilala ca mu 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Amalonda a m'matauni anaona lamya zao zikuzima, nsanja zina nazo zikuleka kugwira nchito. Kumidzi kumene mawaya a ZESCO sanafike, kasola kakang'ono ka padenga ndiko kamasunga sitolo ya pa lamya kuti isatseke, ndipo gulu loyamba malonda otere liyenera kukaika pa mndandanda wa zogula zoyambirira.

M'midzi ina netiweki imapezeka pa culu cimodzi kapena pansi pa mtengo wina kuseri kwa sukulu, malo amene mudzi wonse uwadziwa. Starlink, intaneti yodzera mumlengalenga imene inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, ndi yodula kwa banja limodzi. Wamalonda wa kumalo otere angauze makasitomala ake poyera kuti amayankha m'mawa ndi madzulo, ndi kusunga nthawi zimenezo osaphonya.

Mwai wina umabwera wokha kawiri pa caka. Pa Loweruka lotsiriza la Febuluwale anthu zikwizikwi amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala wa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo kumapeto kwa Ogasiti amapita ku Mkaika m'boma la Katete pa Kulamba, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi. Alendo amenewa amagula madengu, mipando, uci, mpunga ndi nshawa, n'kubwerera kwao osadziwa dzina la wogulitsa. Munthu wotere waona kale katundu ndi maso ake, wamgwira, walawa. Kapepala kolembapo dzina la gulu, mudzi ndi nambala ya lamya, komata pa botolo la uci kapena kosokerera pa mlomo wa dengu, n'kokwanira kuti uciwo ukatha mu Novembala, mlendo uja adziwe koimba.